Ndili ndi zaka 36 koma mtima uli pa mawaya ndi Arduino, ndiyambire pati?

Membala wobisa dzina: Moni nonse a m'gulu. Ndine bambo wa ana awiri, ndimakhala kuno ku Chipata. Chikhalire ndimakonda kumasula mawailesi ndi matochi, ndipo ndatopa n'kumachita mobisa. Ndikufuna kuphunzira bwinobwino Arduino, kabodi kamagetsi kaja kamene umakalembera pulogalamu kuti kaziyendetsa nyali, mota ndi zina. Kunyumba akuti n'zachibwana, anzanga akuti munthu wamkulu azikamba za mpira ndi mitengo ya feteleza. Ndithandizeni: ndigule chiyani poyamba, oyamba kumene amaononga chiyani, ndipo a kunyumba ndiwafotokozere bwanji?

Wokonza mafoni, Kapata: Achimwene, sabata yoyamba musagule kanthu. Tsegulani Tinkercad Circuits kapena Wokwi pa kompyuta, n'zaulere. Mumalumikiza mawaya pa sikirini, mukalakwitsa palibe chimapsa. Mukaona kuti chidwi chidakalipo, gulani izi: Arduino Uno imodzi, chingwe chake cha USB chonga cha printer, breadboard (kathabwa kobayapo zida ndi mawaya popanda kuwotcha) ya mabowo 830, ma jumper wire 40, ma LED (timababu ting'onoting'ono) 10, ma resistor (tizida tochepetsa magetsi odutsa) a 220 ohm ndi a 10k, mabatani angapo, ndi multimeter, mita yoyezera magetsi. Uno yotchipa ya ku China imagwira ntchito bwino, koma zambiri zili ndi kachip ka CH340. Mukailumikiza kompyuta osaiona, sikuti yafa, ikani pa kompyutapo driver wa CH340 basi, kapulogalamu kothandiza kompyuta kuiona bodiyo. Anthu ambiri amabweza bodi yabwinobwino chifukwa cha zimenezi.

Choyamba kupsa kwa oyamba kumene ndi LED. Pini ya Uno, polumikizira waya pa bodi, imatulutsa 5V, LED yofiira imafuna pafupifupi 2V. Ma 3V otsalawo ayenera kuthera pa resistor: 3 kugawa ndi 220 ndi 14 mA, zomwe zili bwino chifukwa pini imodzi isamapitirire 20 mA. Popanda resistor LED imawala kwambiri kanthawi kochepa kenako zii, nthawi zina pini imapita nayo limodzi. Mwendo wautali wa LED upite ku plus. Ndipo mota, ngakhale kakang'ono ka m'galimoto yoseweretsa ana, musakalumikize mwachindunji ku pini. Pakufunika transistor (kaswitchi koyatsidwa ndi pini) ndi diode (kachida kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha) ya 1N4007, chifukwa mota ikaima imabweza mphamvu imene imapha chip.

Wamagetsi, Petauke: Ndiwonjezere pa multimeter. Mukayeza current, kuchuluka kwa magetsi odutsa, bwezani waya wofiira pa bowo la V nthawi yomweyo. Mukausiya pa bowo la 10A n'kukayeza batire, mwapanga short, ndipo pa mamita otchipa bowo limenelo nthawi zambiri lilibe fuse. Mudzaona moto, osati nambala.

China, magetsi a ZESCO ndi 230V, asiyeni kaye. Chaka choyamba chonse khalani pa 5V ndi 12V. Ma TV akale aja a msana waukulu ndi ma microwave amasunga mphamvu ngakhale mwazula pulagi, musawatsegule pofuna zida. Soldering iron, ayironi yowotchera polumikiza zida, ya 30W kapena 40W ndi yokwanira, ndi solder (waya wosungunula polumikiza) wa 60/40 wokhala ndi flux, mankhwala othandiza kuti agwire, m'kati. Tenthetsani mwendo wa chida ndi mkuwa wa pa bodi pamodzi masekondi awiri kapena atatu, kenako khudzitsani solder pamenepo, osati pa nsonga ya ayironi. Polumikiza pabwino pamaoneka posalala ndi powala, pakakhala ngati kampira kotuwa sipanagwire. Magetsi akathima muli pakati pa ntchito, zulani ayironi pompo. Amabwera usiku anthu atagona, ayironi n'kuyamba kutentha yokha patebulo.

Mphunzitsi wa sayansi, Katete: Bambo, za kunyumbazo musazitenge ngati nkhondo. Nthawi zambiri amayi sakudana ndi mawaya, akuopa ndalama zimene sakudziwa kumene zikupita, ndi tebulo lodyera kudzaza timawaya. Khalani nawo pansi, gwirizanani ndalama ya pa mwezi, isapitirire pamenepo ngakhale mwaona chida chokoma bwanji. Pezani bokosi lotseka ndi malo amodzi. Solder wa 60/40 ali ndi mtovu, choncho ana asaugwire, inunso muzisamba m'manja musanadye nsima, ndipo muziwotcha pafupi ndi windo chifukwa cha utsi wa flux.

Kenako chinthu choyamba kupanga chikhale chimene nyumba yonse idzagwiritse ntchito. Nyali ya nthawi ya load shedding imatseka pakamwa msanga kuposa kufotokoza. Za anzanuwo, amene amalipira DStv mwezi ndi mwezi kuti aone mpira wa ku England palibe amamufunsa phindu lake. William Kamkwamba wa ku Kasungu, tsidya lina la malire kuchokera ku Lundazi, ankamunena kuti ndi wamisala pamene ankatola zitsulo zopangira makina a mphepo, ndipo mu 2007 anakayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha. Sindikunena kuti inunso mukafike kumeneko ayi. Ngakhale zitangothera pa kusangalala Loweruka masana, n'zokwanira.

Wokonza malaputopu, Chipata: Nyali imene anena aphunzitsiyo imapangidwa motere, ndipo Arduino safunika n'komwe. M'batire yakale ya laputopu, ya mtundu wochotseka uja, mumakhala maselo, timabatire tozungulira ta mtundu wa 18650, kawirikawiri 6. Yezani limodzilimodzi. Lodzaza limaonetsa 4.2V, lomwe lili pansi pa 2.5V lisiyeni, musalimbane nalo. Gulani kabodi kotchajira selo ka TP4056 kokhala ndi chitetezo, mudzakadziwa chifukwa kali ndi B+, B-, OUT+ ndi OUT-. Selo ipite ku B, nyali ku OUT, tchaja ya foni ku USB. Mukatembenuza plus ndi minus ya selo, kabodiko kamapsa nthawi yomweyo, choncho yezani musanalumikize.

Ikani ma LED oyera 10, lililonse ndi resistor yakeyake ya 68 ohm. Mukaika resistor imodzi ya onse, LED imodzi imadya kuposa zinzake n'kufa, zotsalazo n'kumatsatira. Onse pamodzi amakoka pafupifupi 160 mA, ndiye selo yakale yotsala ndi 1500 mAh (muyeso wa mphamvu imene selo imasunga) ikupatsani maola 8 kapena kuposa. Selo muiike mu holder, musaiwotche ndi ayironi. Pulasitiki wake akang'ambika mukulungeni, chifukwa thupi lonse la selo ndi minus ndipo kumutu lili pafupi kwambiri ndi plus. Musaiike m'thumba limodzi ndi makiyi. Za pamsika zolembedwa 9900 mAh ndi bodza, 18650 yeniyeni imathera cha m'ma 3500.

Wophunzira za makompyuta, Lusaka: Ine ndikuti asataye ndalama pa Uno amalume, angoyamba ndi ESP32, bodi ina yonga Arduino. Ili ndi WiFi ndi Bluetooth kale, angathe kuona madzi a m'thanki pa foni.

Wokonza mafoni, Kapata: Mphwanga, ESP32 ndi yabwino koma ikhale yachiwiri. Mapini ake ndi a 3.3V. Sensa yoyeza mtunda ya HC-SR04 imene aliyense amathamangira pa za thanki imabweza 5V pa pini ya Echo, ndiye pamafunika ma resistor awiri, 1k ndi 2k, kuti itsike. Woyamba kumene sadziwa zimenezo. Komanso HC-SR04 m'thanki imachita dzimbiri ndi chinyezi, yoyenera ndi JSN-SR04T yosalowa madzi. Onjezanipo zingwe za micro USB zongotchajira zopanda mawaya a data, zimene zimapangitsa munthu kuganiza kuti bodi ndi yakufa.

Membala wobisa dzina: Zikomo kwambiri nonse. Nanga zidazi kuno kum'mawa zimapezeka kuti?

Wokonza malaputopu, Chipata: Multimeter, ayironi ndi solder mupeza m'mashopu a zamagetsi m'tauni momwemuno. Ma resistor, ma capacitor, ma switch ndi timasipika pemphani mabodi akufa kwa okonza mawailesi, muzichotsa nokha, ndipo ndi mmene dzanja limazolowerera ayironi. Arduino ndi masensa nthawi zambiri n'kuitanitsa ku Lusaka, amatumiza pa basi. Ku Lusaka komweko kuli BongoHive, malo a okonda zaumisiri amene anayamba mu 2011, atsatireni pa Facebook. Mukamaitanitsa kunja pa intaneti katundu amatenga masabata angapo, choncho tizida totchipa monga TP4056 ndi ma transistor muzigula tiwiri kapena titatu nthawi imodzi, kuti kamodzi kakapsa ntchito isaime.