Ndi filimu iti yoseketsa imene ingathandize achinyamata otomerana a mitundu yosiyana?

Abale ndi alongo a pa gulu lino, ndikupempha nzeru zanu. Ine ndi mmodzi mwa alangizi a mabanja pa mpingo wina kuno ku Ndirande, ndipo mwezi wamawa tikukonza msonkhano wa achinyamata amene ali pa chitomero. Ambiri amene akubwera kwa ife masiku ano si a mtundu umodzi: mtsikana Mlomwe wa ku Thyolo ndi mnyamata Mtumbuka wa ku Rumphi, Msena wa ku Nsanje ndi Myao wa ku Mangochi, ndipo ena anapeza anzawo a ku Zimbabwe kapena ku Nigeria kumene anapita kukaphunzira. Tikawafunsa za miyambo ya kwawo amangoyankha kuti anakambirana kale ndipo palibe vuto, koma ankhoswe akangokumana nkhani imatembenuka. Choncho tinaganiza zoyamba ndi filimu ya chikondi yoseketsa, popeza munthu akaseka amamasuka kulankhula, kenako tikambirane. Chimene chikundisautsa ndi kusankha filimuyo.

Yoyamba imene ndinaonera ndi My Big Fat Greek Wedding ya mu 2002, yomwe analemba Nia Vardalos, ndipo iye yemweyo akusewera ngati mtsikana wa Chigiriki wa ku Chicago wokwatiwa ndi mphunzitsi yemwe si Mgiriki. Ndi yoseketsadi, ndipo ilibe zambiri zochititsa manyazi. Koma taonani mmene imathera. Mnyamatayo amabatizidwa mu mpingo wa mtsikana kuti ukwati utheke, apongozi ake amawapatsa nyumba ngati mphatso, nyumbayo n'kupezeka kuti ili moyandikana ndi ya apongoziwo, ndipo mwana wobadwa m'banjamo amatumizidwa kukaphunzira Chigiriki. Kwa ife a kuno kummwera chimenechi ndi chikamwini chenicheni, ndipo amayi a ku Thyolo angaombe m'manja. Koma mnyamata wa ku Rumphi, yemwe kwawo mkazi amalowoledwa n'kupita kumudzi kwa mwamuna ndipo ana amawerengedwa ku mtundu wa bambo, adzatuluka m'holomo akuganiza kuti alangizi tinasankhiratu mbali.

The Wedding Party ya ku Nigeria, yomwe anatsogolera Kemi Adetiba mu 2016, ili pafupi ndi ife chifukwa okwatiranawo ndi anthu a dziko limodzi, mkwatibwi Myoruba ndi mkwati Muigbo. Pali pamene amayi a mkwati ndi amayi a mkwatibwi akupikisana pa nkhani ya zakudya za pa madyerero, wina atabweretsa ophika zachizungu ndipo mnzakeyo atabweretsa mayi wophika zakumudzi, alendo n'kukhamukira ku zakumudzizo. Aliyense amene anakhalapo mu komiti ya ukwati kuno ku Blantyre adzadziona pamenepo. Chimene sichinandikhutiritse n'chakuti mabanja awiriwo amayanjana wakuba atawatsekera m'chipinda ndi mfuti. Ine sindingalonjeze achinyamata kuti apongozi awo adzafewa mtima mwanjira imeneyo.

Za ku America zambiri ndinazisiya chifukwa nkhani yake imakhala khungu. Zimenezi n'zomveka kwa eni ake, popeza mpaka mu 1967, chaka chomwe Guess Who's Coming to Dinner ya Sidney Poitier inatuluka, zigawo zina za dzikolo zinkaletsa mwalamulo ukwati wa mzungu ndi munthu wakuda. Ife mkangano wathu suli pa khungu ayi.

Dandaulo langa lalikulu ndi lakuti mafilimu ambiri otere amathera pa tsiku la ukwati, anthu akuvina, pamene milandu imene imafika kwa alangizi imayamba ukwati utapita kale: nyumba imangidwe kwa ndani, ana ndi a amalume awo kapena a bambo awo, mwamuna akamwalira mkazi atsale pamudzipo kapena abwerere kwawo, ndipo mwana akamwalira akaikidwe kumanda a mbali iti. Kodi ilipo filimu imene mbali zonse ziwiri zimasiyako kanthu kuti banja liime? Ndiponso, kodi ndi bwino kuitana makolo ndi ankhoswe kuti adzaonere limodzi ndi achinyamatawo? Ndionjezere kuti si onse amene amamva bwino Chingerezi, koma mafilimu omasuliridwa m'Chichewa amene amapezeka m'misika ndikuwaopa, chifukwa omasulirawo amaikamo nthabwala zawo zomwe sizingamveke bwino m'holo ya mpingo.

Yankho la bambo wina wa ku Chirimba:

Amayi, ine kwathu ndi ku Mzimba ndipo ndinakwatira ku Mulanje, choncho nkhaniyi ikundikhudza. Yesani Fanie Fourie's Lobola ya ku South Africa, ya mu 2013, yomwe ikukamba za mnyamata Mbunu wofuna kulowola mtsikana Mzulu. Ku dziko limenelo lamulo loletsa maukwati otere linakhazikitsidwa mu 1949 ndipo linathetsedwa mu 1985, kotero khungu lilimo ndithu, komabe ndi yokhayo imene ndikuidziwa yomwe imaika malowolo pakati penipeni pa nkhani. Chenjezo langa ndi lakuti pofuna kuseketsa, filimuyo imachititsa malowolo kuoneka ngati kunenerera mtengo pa msika, ndipo achinyamata a kuno kummwera amene amanena kale kuti ife timagula akazi adzatuluka atalimbikitsidwa m'maganizo amenewo. Mukaionetsa, pakhale munthu wamkulu wa kumpoto kapena wa ku Chigwa cha Shire woti afotokoze kuti kwathu mnyamata sapita yekha kukakamba za chuma, amatuma thenga, kuti chumacho sichiperekedwa chonse tsiku limodzi, ndiponso kuti chikaperekedwa banja la mwamuna limasenza udindo wosamala mkaziyo ndi ana ake ngakhale mwamunayo atamwalira. Amene akukana malowolo ayenera kudziwa chimene akukana, ndipo amene akuwavomera adziwenso chimene makolo a mtsikana akutaya, chifukwa kwa Alomwe mwana wamkazi ndiye mwini mudzi ndi munda.

Yankho la mayi wina wa ku Limbe:

Filimu imene mukufunayo, yomwe mbali zonse zimagonjerana, ndi 2 States ya ku India ya mu 2014. Mnyamata ndi Mpunjabi wa ku Delhi, mtsikana ndi Mtamil wa ku Chennai, ndipo anakumana ku sukulu ya ukachenjede ku Ahmedabad. Chimene ndimaikondera n'chakuti awiriwo amakana kuthawitsana. Mnyamata amapita kukagwira ntchito kwawo kwa mtsikana kuti azolowerane ndi makolo ake, kenako mtsikanayo amapita kwa amayi a mnyamata kukachita chimodzimodzi, ndipo makolo akanyozana chibwenzi chimafika potha ndithu. Kumpoto ndi kummwera kwa India kumasiyana chilankhulo, zakudya ndi kachitidwe ka ukwati, choncho achinyamata athu sadzavutika kufanizira ndi za kuno. Zovuta zake ndi ziwiri. Ndi ya Chihindi, ndiye muyenera kudalira mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi, komanso ndi yaitali kupitirira maola awiri ndipo koyambirira kuli zithunzi za awiriwo akukhala ngati banja asanakwatirane, zomwe akulu a mpingo sangakondwere nazo. Ine ndikanakhala inu ndikanasankhamo zigawo zokhudza makolo zokha, wina n'kumamasulira pakamwa. Kumbukiraninso kuti kumeneko mbali ya mkazi ndi imene imapereka chuma, zomwe zidzadabwitsa a kumpoto ndi a kummwera omwe.

Yankho la agogo ena a ku Chilomoni:

Mwana wanga, ine ndakhala nkhoswe wa maukwati ambiri, ndipo pa funso lanu lachiwiri ndikuti ayi, musaitane makolo. Mafilimu amenewa nthabwala zake zimagona pa apongozi: mayi wolongolola, bambo wouma mutu. Mkamwini sangaseke apongozi a mu kanema apongozi ake enieni atakhala pa benchi lakutsogolo, ndipo akaseka, mayiwo adzati akuseka iwo. Mwambo wathu umafuna kuti mkamwini ndi apongozi ake aakazi azipatsana mtunda, ndipo mtunda umenewo suthetsedwa ndi kanema. Onetsani achinyamata okha. Musadikire kuti filimu ithe. Ikafika pamene makolo akukana, imitsani, muyatse magetsi, mufunse aliyense kuti amalume ake kapena abambo ake aakulu akanati chiyani pamenepo, ndipo ayankhe mnzakeyo akumva. Mudzaona kuti ambiri sanafunsepo kwawo. Muwauzenso kuti lamulo la maukwati la mu 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kumpingo ndi wa mwambo, koma silisankhira anthu mudzi wokakhala. Zimenezo zimamangidwa ndi ankhoswe chinkhoswe chisanachitike, tambala ndi msoti zisanasinthanidwe. Ndinaonapo mbali ya mwamuna itabwera ndi envelopu ya malowolo, a kuchikazi n'kuikana pamaso pa anthu poopa kuti akailandira ndiye kuti ana apita, ndipo nsima inazizira m'mbale anthu akukambirana kuseri kwa nyumba.

Yankho la wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse. Agogo, makolo sitiwaitana, ndipo filimu tiziimitsa monga mwanenera. Ndikuganiza zotenga zigawo za 2 States ndi za filimu ya ku South Africa ija, koma ndiyambe ndakaonetsa abusa. Bambo a ku Chirimba, ngati mungalole kudzakhala nafe tsikulo kuti mudzafotokoze za thenga ndi malowolo, chonde ndilembereni kumbali. Ndikufunanso mayi mmodzi amene anatengwa kupita kumudzi kwa mwamuna wake ndipo angathe kulankhula momasuka za mmene zinthu zinayendera ana atabadwa.