Wasayansi wamisala wa m'sewero lathu anthu akumuona ngati mfiti: tikonze pati?

aPhiri, Mufakose

Akuluakulu anzanga olemba ndi kutsogolera masewero, ndabwera ndi vuto limene landisowetsa tulo. Gulu lathu likukonza sewero la mphindi 50 loti tikaonetse m'holo ya tchalitchi kuno ku Mufakose mu Harare, ndipo mwini nkhani ndi munthu wophunzira kwambiri amene amapanga mankhwala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yake. Loweruka lapitali tinayeserera pamaso pa anthu ochepa a mumpingo. Wosewerayo tinamuveka jasi loyera, tsitsi lake tinalithira ufa, tinamupatsa majekeseni ndi mabotolo a madzi ofiira, ndipo iye ankaseka chikhakhali maso ali kumwamba. Agogo ena amene anakhala kutsogolo analavulira pansi n'kunena kuti, “Mfiti iyi!”, ana anathawira kumbuyo, pamene achinyamata ankangofa nalo phwete. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamva chimene timafuna kunena, chakuti nzeru zopanda wozifunsa zimapweteka anthu. Kwatsala masabata atatu. Kodi tikonze pati?

Mayi Nabanda, Highfield

Bambo Phiri, mundikhululukire ndinene mosapsatira kuti munthu amene mwamuika pabwaloyo munamutola m'mafilimu, ndipo mwatolako chikopa chokha. Buku la Mary Shelley lotchedwa Frankenstein linatuluka mu 1818, ndipo Victor wa m'bukumo, amene anapanga cholengedwa chamoyo, ndi mnyamata wa ku Geneva wophunzira pa yunivesite ya Ingolstadt, wopanda tsitsi loimirira ndiponso wopanda chikhakhali. Makina othetheka moto amene tonse timawakumbukira anatchuka ndi filimu ya mu 1931. Choopsa cha Victor m'bukumo chimaonekera usiku umene cholengedwa chake chinatsegula maso: iye ananyansidwa nacho, anatuluka m'chipindamo n'kuchisiya chokha, ndipo imfa zonse zotsatira zinachokera pa kuthawako. Munthu wanuyo asonyezeni akukana mlandu wa chimene wapanga, pamenepo oonerera asiya kuseka.

aBanda, Dzivarasekwa

Ndikugwirizana ndi mayi Nabanda, koma ine chandidetsa nkhawa kwambiri ndi majekeseni ndi madzi ofiirawo. Achimwene, ambiri mwa oonerera anu ndi ana ndi adzukulu a anthu ochokera ku Malawi, ndipo nkhani zakumudzi zimafika kuno tsiku lomwelo pa foni. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu olusa, ndipo ogwira ntchito zachipatala ankaopa kulowa m'midzi ina. Mukaika munthu wa jasi loyera atanyamula jekeseni ndi botolo la magazi, mwakhudza chilonda chimenecho, ndipo mayi wina akatuluka m'holomo akhoza kukayikira namwino amene akamubaye mwana wake katemera Lolemba. Agogo aja sanalakwe. Anawerenga bwino zizindikiro zimene munawapatsa. Kwathu munthu wogwira ntchito usiku, yekhayekha, chitseko chili chotseka, ali ndi mabotolo osadziwika, dzina lake timalidziwa kale.

Pali china. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu atayamba kutola zitsulo zotayidwa kuti amange makina opanga magetsi ndi mphepo, anthu ankamunena kuti ndi wamisala, kufikira babu linayaka. Sindikufuna kuti sewero lathu likhale mbali ya oseka aja, chifukwa m'holomo mudzakhala mwana wina amene amakonda kumasula mawailesi.

aPhiri, Mufakose

Zimenezi zandilasa mtima, abambo, chifukwa mwana wanga weniweni ndi mmodzi mwa omasula mawailesiwo. Komabe ndikachotsa jasi, majekeseni ndi kuseka, oonerera adzadziwa bwanji kuti munthuyu ndi wasayansi, ndiponso kuti wapenga? Ndalama zimene tili nazo sizingagule ngakhale nyale imodzi yabwino.

Mayi Nabanda, Highfield

Mupatseni chifukwa chimene wina aliyense muno mu Harare angachimve m'mafupa. Kolera ya mu 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko lino, ndipo Budiriro ndi limodzi mwa madera amene anavutika kwambiri. Munthu wanuyo akhale woti ankagwira ntchito yoyeza madzi, mwana wake wamkazi anamwalira nthawi imeneyo, ndipo kuyambira pamenepo analumbira kuti adzapeza mankhwala oyeretsa madzi a m'zitsime. Cholinga chakecho ndi chabwino, choncho oonerera adzayamba ali kumbali yake. Kupenga kwake kuonekere pang'onopang'ono: ayambe kuthira mankhwala ake m'chitsime cha pabwalo osawauza anthu ochita lendi pakhomopo, ndipo mwana wa mmodzi wa iwo akadwala, iye atulutse kope, afunse mofatsa kuti mwanayo wasanza kangati, alembe nambalayo, n'kubwerera m'kachipinda kake osafunsa ngati mwanayo wapita kuchipatala. Wosewera wanu alankhule motsitsa mawu ndi mwaulemu wonse. Ine ndikuona kuti kope limenelo lidzaopseza anthu kuposa chikhakhali chilichonse.

aMwale, Mbare

Ine ndine wokonza bwalo, choncho ndilankhulepo za zida zokha. Musagule kalikonse katsopano. Pitani ku msika wa Siyaso mukatole mapaipi a pulasitiki, ndowa ziwiri, batire lakale la galimoto ndi mabotolo oyera, ndipo botolo lililonse mulimate kapepala kolembedwa tsiku ndi dzina la chitsime. Mankhwala a sing'anga salembedwa tsiku, ndiye mapepalawo okha adzawauza agogo aja kuti awa ndi maphunziro. Madzi akhale amatope m'ndowa imodzi ndi oyera m'ndowa inayo. Ofiira asaoneke n'komwe. Nyale ikhale ya batire, chifukwa magetsi akazima pakati pa sewero simudzaima. Jasi loyera mulipachike pamsomali, lakuda ndi fumbi, iye azivala juzi wamba.

aBanda, Dzivarasekwa

Ndiwonjezere kamodzi kokha. Muikemo munthu wachiwiri wophunzira, kaya namwino kaya mphunzitsi wa sayansi, amene adzamufunse poyera kuti, “Kodi anthu awa munawapempha?” Funso limenelo likachokera kwa m'busa kapena kwa mfumu, sewero lidzaoneka ngati mlandu wa sukulu, koma likachokera kwa wophunzira mnzake, mlandu udzagwera mwini wake yekha.

aPhiri, Mufakose

Zikomo nonse. Usiku uno ndilembanso gawo lachiwiri, ndipo mlongo wake wa munthuyo, amene poyamba ankangobweretsa nsima pakhomo la kachipindako, ndimusandutsa namwino. Chimene chatsala n'kumunyengerera wosewera wathu, pakuti chikhakhali chija wakhala akuchiyeserera kwa mwezi wathunthu ndipo amachinyadira kwambiri. Abambo Mwale, ngati muli ndi mpata Lachitatu m'mawa, tikumane pa Mbare Musika kuti mundiperekeze ku Siyaso, chifukwa ine mitengo ya mabatire akale sindiidziwa.