Masiku atatu ku Mangochi mu Julaye: tiyambire pati?

Nachisale_LL:
Moni nonse. Tikufuna kupita ku Mangochi mu Julaye, anthu anayi, pa galimoto yaying'ono kuchokera ku Lilongwe. Zongokhala pa loji n'kumadya chambo ayi, tikufuna tione zilumba ndi mapiri. Masiku ndi atatu okha. Tidzere kuti, ndipo tione chiyani?

Che Bwanali wa ku Monkey Bay:
Achemwali, Julaye ndi nyengo ya mwera, ndiye amene akulamulireni ulendowu ndi mphepo. Za panyanja muzipanga m'mamawa, zapamtunda madzulo.

Dzerani ku Dedza mutsike Khwekhwerere mpaka pa Golomoti, kenako mulowe msewu wa M10. Potsetsereka ikani giya yotsika. Mukamangoponda mabuleki kuyambira pamwamba amatentha n'kuleka kugwira, ndipo makona ake ndi akuthwa. Mukatsala pang'ono kufika ku Monkey Bay pali mphambano ya ku Cape Maclear; kuchokera pamenepo ndi makilomita ngati 18 kukafika m'mudzi wa Chembe. M'mbali mwa msewuwo muona Mwalawamphini, thanthwe lokhala ndi mizere ngati mphini za pankhope. Si munthu anatema mizereyi, ndi dzuwa ndi mvula zinang'amba mwalawo.

Tsiku lachiwiri dzukani m'bandakucha, boti linyamuke isanakwane 7 koloko kupita ku chilumba cha Thumbi West. Mtengo mugwirizane muli kumtunda, ndipo mufunse ngati ndalama yolowera mu paki ili momwemo, chifukwa mikangano yambiri imayambira pamenepa. Zilumbazi zili mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zake. Tengani chiphaso cha unzika, Amalawi amalipira zochepa. Musakwere boti lopanda ma life jacket okwanira aliyense, ndipo mwini boti akanena kuti lero nyanja yakwiya, musamukakamize. Mwera ukakula umatha kuomba masiku angapo osapuma.

Pa Thumbi valani magalasi osambira nawo muyang'ane m'miyala. Mbuna, nsomba zazing'ono za m'miyala, zili pomwepo m'madzi osaya, zabuluu, zachikasu, zamizeremizere. Chakudya chake ndi ndere za pamiyala, ndiye zoziponyera buledi zija siyani. Pobwerera anyamata amaimba likhweru n'kuponya nsomba, nkhwazi imatsika kudzaitola pamadzi. Kamera ikhale yokonzeka kale, sizichedwa.

Madzulo pitani ku Otter Point, malo a miyala kumapeto kwa gombe la Chembe. Panjira pali manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika kuno mu 1875 koma malungo anawathamangitsira ku Bandawe mu 1881. Gombe la Chembe layang'ana chakumadzulo, n'chifukwa chake dzuwa limalowa pamadzi, zomwe simungazione ku Salima.

Mayi a Shukurani:
Che Bwanali afotokoza bwino, koma anthu ambiri amathera ku Cape basi ngati Mangochi ndi mchenga wokha. Tsiku lachitatu pitani ku boma, ndi makilomita oposa 60 kuchokera ku Monkey Bay. Muoloke Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi mukwere msewu wa ku Namwera. Mukafika pamwamba imani pamalo otakata, osati pakona, mucheuke: muona Shire akuchoka m'nyanja ya Malawi kukalowa mu Malombe, chigwa chonse chodzaza malambe ndi migwalangwa. Mwasankha mwezi wabwino. Ikafika Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa umaphimba zonsezi, mapiri amangooneka ngati chifunga. Kumtundako kumazizira, tengani juzi. Mafuta thirirani pa boma musanakwere.

Mu Shire ndi mu Malombe musayerekeze kusamba kapena kuima m'mphepete madzulo. Muli ng'ona ndi mvuu.

Nachisale_LL:
Zikomo kwambiri. Nanga za likodzo zomwe anthu amanena zija? Akuti tingomwa mapiritsi tikangobwerako.

Mdzukulu wa Msodzi:
Amenewo akusocheretsani, achemwali. Tizilombo ta likodzo timachokera mu nkhono za m'madzi n'kulowa pakhungu, makamaka pamalo osaya, pa bango ndi pamene anthu amachapa ndi kusamba. Ndiye gombe la kutsogolo kwa mudzi ndi loopsa kuposa miyala ya ku zilumba, ngakhale palibe pamene tinganene kuti palibiretu. Mankhwala ake ndi praziquantel, koma amapha nyongolotsi zikakula. Mukamwa tsiku lomwe mwabwera sagwira ntchito, inu n'kumaganiza kuti mwathana nazo. Dikirani masabata 6 mpaka 8, mupite kuchipatala akakuyezeni. Mlingo umatengera kulemera kwa thupi, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse, ndiye musagawane mapiritsi mofanana anthu anayi. Osadikira kuona magazi m'mkodzo, ena sawaona n'komwe.

Gonani m'neti ngakhale kukuzizira, udzudzu wa kunyanja sutha. Ndipo ku Otter Point chakudya musachisiye poonekera m'galimoto mawindo ali otsekula, anyani a kumeneko saopa munthu.