Funso kwa osonkhanitsa zithunzi zaluso muno mu Lusaka

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru.

Zithunzi zosindikizidwa ndi inki ya pigment pa pepala la thonje, monga Hahnemühle Photo Rag ya 308gsm, zimafuna chinyezi cha pakati pa 30 ndi 50 peresenti. Nyengo ya dzinja chinyezi chikapitirira 65, nkhungu imayamba kumera, pepala limapindika, ndipo likakhudza galasi limamatirira. Ndani muno amaika fulemu ndi mat (katoni yozungulira chithunzi) yopanda asidi, galasi lotchinga UV (kuwala kwa dzuwa kofufutsa zithunzi), n'kusiya mpata pakati pa galasi ndi chithunzi? Ambiri amaika hardboard kumbuyo n'kumata ndi selotepi, zomwe zimasandutsa pepala lachikasu. Kapena mumaitanitsa zipangizo ku Johannesburg?

China ndi edition, kutanthauza chiwerengero chokhazikika cha makope a chithunzi chimodzi. Wojambula akalemba 3/10 (kope lachitatu mwa khumi) ndi pensulo, kenako n'kusindikizanso chithunzi chomwecho chokulirapo ngati edition ina, mtengo wa chanu umakhudzidwa. Ine ndimaona kuti satifiketi iyenera kutchula kukula konse komwe adzasindikize, chiwerengero cha ma AP (makope omwe wojambula amadzisungira kunja kwa edition), mtundu wa pepala, chaka ndi siginecha. Inu amene mumagula ku malo oonetsera zaluso a Lechwe Trust kapena a Henry Tayali, mumapempha kuti alembepo chiyani musanalipire?