Phwando la nyimbo lomwe lakufikani pamtima chaka chino

Wa ku Luwinga: Abale anga a mu Mzuzu, pamene chaka chikupita kumapeto, ndi phwando liti la nyimbo lomwe simudzaliiwala?

Mayi a ku Chibavi: Kwa ine ndi usiku umene Black Missionaries anaimba kuno m'nyengo yozizira. Ngakhale kunali chisanu ndi mvula yowaza, palibe amene anachoka, ndipo Anjiru Fumulani atatsitsa maikolofoni, khamu lonse linapitiriza nyimbo lokha.

Wa ku Katoto: Amayi mwanena zoona, ndinaliponso. Komabe mtima wanga unatsala ku Tumaini Festival ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kumene salipiritsa polowa. Anyamata ochokera ku Burundi analowa m'bwalo akuimba ng'oma zikuluzikulu atazisenza pamutu, mpaka ndinaiwala kutalika kwa ulendo.