Lamulo la masiku 90 ku London, ndithandizeni nzeru

Abale anga okhala ku London, ndithandizeni nzeru. Mayi akudwala ku Zomba, ndipo ndikufuna kupita kukawasamalira kwa miyezi isanu. Nyumba yanga ya ku Croydon mu London ndikubwezabe ngongole yakubanki, ndiye ndimaganiza zoyiika pa Airbnb, webusaiti yochititsirapo lendi nyumba kwa alendo, kuti izidzilipirira yokha.

Koma lamulo la 2015 likuti mu London simungachititse lendi nyumba kwa alendo ongogona masiku ochepa kupitirira masiku 90 pachaka popanda chilolezo cha khonsolo. Airbnb nayonso imatseka kalendala masikuwo akangokwana. Miyezi iwiri yotsalayo ndi imene ikundisowetsa tulo.

Alipo amene anapemphapo chilolezochi? Chinatenga nthawi yaitali bwanji? Nanga ndikapeza munthu mmodzi woti akhalemo miyezi isanu yonse, lamuloli lindikhudzabe? Akubanki ndiyenera kuwauza kaye?