Kodi ndingaike mayina enieni a makampani m'gemu yanga ya minibasi?

Wa ku Luchenza:
Akuluakulu, ndikupanga gemu ya pafoni imene wosewera amayendetsa minibasi kuchokera ku Limbe, kudutsa pa Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza, mpaka kukafika ku Muloza. Pofuna kuti munthu wakuno aizindikire njirayi, ndaikamo zikwangwani za maesiteti a tiyi, malo omwetsera mafuta ndi makampani a mafoni monga zilili pamsewu. Kodi eni mayinawa angandisumire?

Mphunzitsi wa pa Chitakale:
Achimwene, mayina a malo monga Bvumbwe kapena Sapitwa mutha kuwatchula mwaufulu, koma dzina ndi chizindikiro cha kampani zimatetezedwa ndi lamulo la Trademarks Act la 2018. Funso lalikulu pa milandu yotere limakhala lakuti, kodi anthu angaganize kuti kampaniyo ndiyo yavomereza gemuyo kapena yaikapo ndalama zake? Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ngozi, chifukwa gemu ya minibasi siingathe popanda kugundana. Wosewera akaomba pampu ya mafuta, moto n'kubuka pansi pa chikwangwani chenicheni, mwini wake angadandaule kuti mwamuipitsira mbiri, ndipo umenewo ndi mlandu winanso.

Wa ku Thekerani:
Tisamuopseze kwambiri mnzathuyu. M'chaka cha 2020, khoti la ku New York linagamula mokomera kampani yopanga magemu ya Activision pamene kampani yopanga galimoto ya AM General inadandaula za galimoto zake zankhondo za Humvee zimene zimaoneka m'gemu ya Call of Duty.

Mphunzitsi wa pa Chitakale:
Zimenezo ndi zoona bambo, koma chigamulocho chinatsamira pa malamulo a ku America oteteza ntchito zaluso, amene samanga makhoti athu, komanso Activision inali ndi ndalama zolipira maloya kwa zaka zoposa ziwiri. Manchester United nayo inasumira kampani ya Sega chifukwa cha gemu yake ya mpira ya Football Manager, ndipo atagwirizana mu 2021, timuyo inayamba kutchedwa Manchester UFC m'gemumo. Dziwaninso kuti mwini chizindikiro akadandaula ku Google Play, kumene anthu amatengako magemu a pafoni, gemu ingachotsedwe nkhani isanafike n'komwe kukhoti.

Wa ku Luchenza:
Ndathokoza nonse. Malo omwetsera mafuta ndi makampani a mafoni ndiwapekera mayina. Maesiteti awiri amene ndikuwafunitsitsa ndiwalembera kalata yopempha chilolezo cholembedwa, ndipo akapanda kuyankha, minda ya tiyi idzaoneka yopanda zikwangwani.